Netiweki ya kuchigwa kuno ndaiyesa ndi mpira komanso ndi malonda a mbuzi

Ndimakhala pa Ngabu, ndipo ntchito yanga ndi yogula mbuzi m'midzi n'kumakagulitsa kwa eni mabutchala ku Blantyre. Ku mpira ndine wa Maule kuyambira ndili mwana, masiku amene bambo anga ankaika wailesi pa mtondo wovundikira pakhonde, ife n'kukhala mozungulira ngati tikuwotha moto. Mbuzi ndi mpira ndi zimene zandidziwitsa netiweki ya kuchigwa kuno, chifukwa zonse ziwiri masiku ano zikuyendera pafoni. Mu Tecno yanga muli ma SIM awiri, a makampani onse awiri akuluakulu, ndipo ndayenda nawo kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka, tsidya lino ndi tsidya lija la Shire. Podandaula sinditchula dzina la kampani, chifukwa vuto limene lero lili kwa uyu, mawa umakalipeza kwa winayo. Ndizingoti laini yakale, imene ndinayamba nayo, ndi laini yachiwiri.

Choyamikira chilipo, ndipo ndiyambe ndi chimenecho. M'mbali mwa msewu wa M1 zinthu zinasinthadi. Ukamatsika phiri kuchokera ku Blantyre, m'makona muja foni imadukaduka, ndipo sindidabwa poti ndi m'mapiri. Koma ukangofika pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudzera pa Dyeratu, pa Nchalo, kwathu kuno, mpaka pa Bangula ndi pa boma ku Nsanje, pakona ya foni pamalembedwa 4G nthawi zambiri, pa malaini onse awiri. Ndimakumbukira bwino nthawi imene pakona pomwepo pankangokhala ka E, chithunzi chimodzi cha mbuzi n'kumazungulira kuyambira ukuyamba kudya nsima mpaka kusamba m'manja. TNM inayambitsa 4G m'dziko muno mu 2016, Airtel mu 2018, koma zinayambira m'mizinda. Kuno zinafika pang'onopang'ono, tauni ina chaka chino, ina chaka chamawa.

Lero ndikagula mbuzi pamsika wa pa Ngabu, ndimamuimbira bwana wa butchala pa vidiyo ya WhatsApp. Mnyamata wanga amaigwira nyanga, ine n'kuitsegula kukamwa kuti bwanayo aone mano, kenako n'kuizungulira kuti aonenso msana ndi ntchafu. Mtengo timagwirizana pompo, ndalama n'kulowa pafoni mbuziyo isanakwere n'komwe galimoto. Kale ndinkakwera nazo phiri ndisakudziwa chimene ndikapeze. Ndikafika bwana ankatha kunena kuti zaonda, ndipo poti sungabwerere nazo ku Ngabu, unkangolola mtengo uliwonse. Pa chimenechi chokha, 4G inandibwezera ndalama zambiri kuposa zimene yandidyera.

Tsono mpira. Tsiku limene Maule ndi Manoma akumana pa Kamuzu Stadium, pa Ngabu pamakhala ngati masewerowo akuchitikira kuseri kwa msika. Anyamata a kabaza amamanga nsalu zofiira pa mahandulo, anzathu a Noma zabuluu, ndipo kuyambira m'mawa mawu ndi amodzi: "Neba, lero ulira." Ambiri a ife ulendo wa ku Blantyre sitingaukwanitse, ndiye timadalira wailesi, mavidiyo shoo ndi foni. Tsiku lina lotero tinakhala anthu 7 pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa golosale ya mnzanga, foni titaitsamiritsa pa botolo la Sobo, tikuonera masewero amene ankaulutsidwa pa Facebook. Osewera akulowa m'bwalo chithunzi chinali choyera, nambala za kumsana zikuwerengeka. Oyimbira atangoliza wezulo, zinthu zinatembenuka. Osewera anasanduka timabokosi, mpira n'kuima m'malere, kachizungulire kaja n'kuyamba ntchito yake pakati pa sikirini. Pakona pakulembedwabe 4G, timizere tonse todzadza.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi ichi. Pashopu ya telala, chapafupi pomwepo, panali wailesi. Tinangomva chimkokomo, anthu akudumpha, wina akumenya chigubu, pomwe ife pafoni mpira udakali pakati pa bwalo. Chigolicho tinachiona patatha pafupifupi mphindi yathunthu, titachidziwa kale. Mkulu wina amene anakhala pafupi ndi wailesiyo anatikodola ndi dzanja, amvekere: "Ana inu, bwerani kuno. Zimene mukuonerazo ndi mbiri yakale." Tinanyamukadi anthu 4 kupita kuwailesi, foni n'kutsala ndi atatu ouma mtima.

Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndi amene anandimasulira nkhaniyi, ndipo anandimasulira m'njira imene sindinaiiwale. Anati nsanja ya netiweki ili ngati mjigo. Madzi otuluka pampopi ndi omwewo. Mukakhala atatu mumatunga msanga, koma mudzi wonse ukabwera ndi ndowa nthawi imodzi, aliyense amadikira. Timizere ta pakona tija timangokuuza kuti waima pafupi ndi mjigo, sitikuuza kuti ndowa yako idzaza liti. Tsiku la mpira, kapena tsiku la msika, aliyense pa Ngabu amatsegula data pa ola limodzi, ndiye mzere pamjigo umatalika. Za kutsalira kumbuyo kwa wailesi anati zimenezo si mlandu wa nsanja yokha, chifukwa chithunzi chimayamba chapita ku makompyuta a Facebook kunja kwa dziko, kenako n'kubwerera kwa ife, pomwe mawu a wailesi amangochoka pabwalo n'kutipeza. Ndinamvetsa. Koma za mzere wa pamjigo, mankhwala ake akudziwika: kuwonjezera mphamvu pansanja zimene zilipo, kapena kumanga zina. Masiku a mpira si achinsinsi, amalengezedwa sabata isanafike.

Tsiku limenelo nditasinthira ku laini yachiwiri m'ndime yomaliza, chithunzi chinakhazikikako. Ndaona zimenezi kangapo: pa Ngabu penipeni, pachigulu cha anthu, laini yachiwiri imapirira. Koma ndikangopatuka pa tala kulowa m'midzi, imayamba kufa ndi iyo, yakale n'kumandiperekezabe. Ku Bangula ndinapeza zosiyana ndi zimenezi. N'chifukwa chake munthu akandifunsa kuti agule laini iti, ndimayamba ndamufunsa kuti amagona mudzi uti.

Makampani awiriwa mpira amaudziwa, ndipo athandiza. Dzina la TNM linakhala pa ligi yaikulu kuyambira 2007, ndipo Airtel Top 8 inayamba mu 2017. Popanda ndalama zimenezo matimu ambiri bwenzi atagwa kalekale. Zaka zimene Maule anatenga ligi kasanu kotsatizana, kuchokera 2018 mpaka 2023, ife a kuchigwa tinavina nawo, ndipo mayunitsi amene tinkagula kuti titsatire zigoli ndi gawo la ndalama zomwezo. Amene anaonapo chikhamu cha anthu pa Kalulu Stadium ku Nchalo masiku amene matimu a ligi yaikulu ankasewera pamenepo, akudziwa kuti okonda mpira sathera pa Ndirande ndi pa Bangwe. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera kutali, ena atakwera m'mitengo. Mu 2023 tinamva kuti 5G yayamba kuyesedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Sindikuwachitira kaduka a m'tauni, dziko liyenera kupita patsogolo. Ine chimene ndikupempha kuno si 5G. Ndikupempha kuti netiweki imene tili nayo kale isamafe magetsi akazima.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yanga yeniyeni, ndipo ndiyambira pa usiku umene sindidzauiwala.

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwa kuchigwa kuno. Mvula inagwa usana ndi usiku, mitsinje yochokera m'mapiri inasefukira, M1 inaduka malo angapo. Ku Kapichira, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, madzi anagumula damu, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anachoka pa magetsi a dziko lonse. Mawa lake, pa 25, Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, koyamba m'mbiri yathu kufika m'ndime ya matimu 16 pa mpikisano wa Africa. Tinadikira tsiku limenelo kwa sabata yathunthu. Linatipeza tili mumdima, m'nyumba mwanga muli mabanja atatu a abale amene nyumba zawo zinagwa, ana atagona pa matumba a chimanga chifukwa pansi panali chinyontho. Foni inali ndi moto pang'ono koma pakona panalibe kamzere ngakhale kamodzi. Tinatulutsa wailesi yakale ya mabatire, ikumveka mwa phokoso, ndipo ndi mmenemo tinamva kuti Gabadinho Mhango wachinya kuchokera kutali, masewero atangoyamba kumene. Anthu amene anali atangotaya nyumba zawo anaimirira n'kukuwa. Tinagonja 2-1, koma chigoli chimene dziko lonse lapansi linkachikamba, ine ndinachiona ndi maso patapita masiku angapo.

Koma usiku umenewo mpira sunali chinthu chachikulu mumtima mwanga. Mlongo wanga anakwatiwa tsidya lija, kummawa kwa Shire, dera limene madzi akabwera limasanduka chilumba, monga zinachitikira ku Makhanga mu Januwale 2015. Kwa masiku atatu sindinadziwe ngati ali moyo. Ndinkayatsa foni kwa mphindi imodzi, kuyesa, n'kuzimitsanso kuti moto usathe. Tsiku lachinayi uthenga unalowa wa mawu awiri okha: "Tili bwino." Pa namondwe ngati ameneyo sindiimba munthu mlandu. Freddy atabwera mu Marichi 2023 zinabwerezanso. Koma masiku amenewo anandiphunzitsa kuti kuno netiweki si ya macheza okha. Uthenga wochenjeza kuti madzi akubwera kuchokera kumtunda umadzera pafoni. Kuitana bwato lodzapulumutsa anthu pamtengo kumadzera pafoni.

Ndiye zimandipweteka kuona kuti ngakhale tsiku wamba, kopanda mvula, magetsi akangozima maola angapo, netiweki ya kumudzi kwa mkazi wanga imayamba kufooka. Imayamba kuchoka ndi 4G, kutsala ka E, kenako zii. Nsanja iliyonse imafuna magetsi usana ndi usiku. Akazima imadalira mabatire, mabatire akatha imadalira jenereta, ndipo jenereta imafuna dizilo, amene zaka zapitazi wakhala akusowa mpaka magalimoto kugona pa mizere. Onjezani kutentha kwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, foni yeniyeniyo imalemba kuti yatentha kwambiri n'kukana kutchaja, ndiye mabatire a pansanja, amene ali m'bokosi lachitsulo padzuwa, angalimbe bwanji? Dzuwa lomwelo ndi limene likanatipulumutsa. Pansanja zimene anaikapo sola ndaona kusiyana, magetsi amazima koma foni imagwirabe. Kuchigwa kuno, kumene dzuwa silisowa, nsanja iliyonse inayenera kukhala ndi sola ndi mabatire okwanira kugona nawo usiku.

Ndinenenso mbali yathu, chifukwa chilungamo chimafuna choncho. Mabatire ndi dizilo wa pansanja amabedwa, ndipo akuba sachokera kumwamba, ndi ana a m'midzi yathu yomweyi. Munthu amagula batire lotchipa osafunsa kumene lachokera, mawa lake yemweyo n'kumadandaula kuti netiweki kulibe. Mafumu athu nkhani imeneyi aziikamba pamaliro ndi pamisonkhano monga amakambira za kuba ng'ombe.

Tsidya lija ndiye kumene ndinakumana ndi zimene zinandichititsa manyazi pamaso pa munthu wamkulu. Ndinawoloka pa bwato m'mamawa, n'kukwera kabaza mpaka mudzi wina kumene mdala wina anali ndi mbuzi 5 zogulitsa, akufuna ndalama ya fizi ya mdzukulu wake. Tinagwirizana mtengo bwinobwino pansi pa mtengo wa masau. Ndalama zanga zinali m'foni, chifukwa kuwoloka Shire ndi mpukutu wa ndalama m'thumba n'kudziika pangozi. Tinapita kwa ejenti wa pamudzipo, mnyamata wa kabenchi ndi ambulera, iye n'kuti netiweki yachoka kuyambira dzulo madzulo. Anandilozera chulu china kuseri kwa tchalitchi, kumene anthu amakaimbira foni. Ndinakwera, pamwamba pake pali poterera chifukwa cha mapazi a anthu, ndinakweza foni m'mwamba, kamzere kamodzi n'kubwera, n'kuchokanso.

Nditatsika ndinati, "Mbuya, pepani, ndalama zilipo koma zili m'foni." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwananga, mbuzi zanga ukuziona ndi maso. Ndalama zakonso ndizione ndi maso." Panalibe choyankha. Ndinakweranso kabaza ulendo wa mphindi 40 kukafuna ejenti wina. Kumeneko ndinatumiza pa laini yakale, ndalama zinachoka kwa ine, koma uthenga kwa ejenti sunafike. Iye anakana kundipatsa, ndipo sindimunena, akanapereka bwanji chimene sanachione? Ndinaimbira ku ofesi yothandiza makasitomala. Mtsikana amene anayankha anali waulemu, anandilankhula m'Chichewa chomveka, anandipatsa nambala ya dandaulo langa n'kundiuza kuti ndidikire. Ndalamazo zinabwerera zonse patapita masiku atatu, palibe tambala imene inasowa, ndipo pamenepo ndiwayamikire. Koma mbuzi zija anagula wina amene anabwera ndi ndalama m'manja, ine ndinawoloka Shire chimanjamanja, nditalipira bwato ndi kabaza kawiri.

Airtel Money ndi Mpamba zatithandiza kwambiri ife amene banki ili kutali, zimenezo palibe angatsutse. Koma ndalama ya m'foni imakhala ndalama pokhapokha pamene pali netiweki. Kumene anthu alibe banki, kumene msewu umaduka chaka ndi chaka, ndi kumene nsanja zikufunika kwambiri, ndipo ndi komwekonso kumene zili zochepa.

Kwa amene mukupita chakumalire, ku Marka ndi midzi ya m'mbali mwa Shire kumunsi kwa Nsanje, chenjerani ndi chinthu china. Foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique iwe uli m'Malawi, ndipo ukaimba kapena kutsegula data umalipira ngati uli kunja kwa dziko. Zinandichitikira kamodzi, mayunitsi anatha ndisanamalize kupereka moni. Lowani m'masetingi, musankhe nokha netiweki yanu m'malo moisiya kuti izisankha yokha, ndipo muzimitse roaming. Anthu ambiri akumeneko anangogula SIM ya Movitel, chifukwa m'midzi ina ndi imene imagwira bwino kuposa zathu.

Za mitengo ndinene mwachidule. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera, ndipo munthu amayamba waganiza kaye asanagule bandulo. Masewero amodzi, ndikaonera onse pafoni, amandidyera pafupifupi 1GB. Ndinaphunzira kutsitsa chithunzi kufika pa 360p, kuzimitsa zoti mapulogalamu azidzikonza okha, ndiponso kusonkherana ndi anzanga kuti tigule bandulo imodzi yaikulu m'malo moti aliyense agule yake. Chimene sindigwirizana nacho ndi bandulo ya tsiku limodzi kutha nthawi yake pomwe theka la tsikulo netiweki kunalibe. Munthu walipira, katundu sanalandire, nthawi n'kumawerengedwabe. Pamsika wa mbuzi zimenezo sizingatheke. A MACRA, amene amayang'anira makampaniwa, nkhani imeneyi aione.

Tisaiwalenso kuti m'midzi yambiri foni imene ili m'nyumba ndi ya mabatani. Mayi anga 4G alibe nayo ntchito. Chimene amafuna n'choti akandiimbira mawu amveke, osati kumangoti "halo, halo" mpaka mayunitsi kutha, ndiponso kuti ndikawatumizira ndalama ya chigayo uthenga ufike tsiku lomwelo. Pa mbali ya kuimba, laini yakale ndi imene imawafikira, ngakhale amayenera kutuluka panja n'kuima pafupi ndi khola.

Mukandifunsa malikisi, pa tala ndipereka 7 pa 10 kwa onse awiri, ndipo ndikanapereka 8 pakanapanda za masiku a mpira. Mukapatuka kulowa m'midzi ya tsidya lino, laini yakale 5, yachiwiri 3. Tsidya lija, kutali ndi misika ikuluikulu, sindingapitirire 3 kwa aliyense. Amene mukubwera kudzagwira ntchito kuno, kaya ku Illovo, kaya ku ngalande za mthirira zimene zikukumbidwa ku Chikwawa, kaya kudzaona nyama ku Majete ndi ku Lengwe, bwerani ndi malaini onse awiri ndi power bank yodzadza.

Loweruka likubwerali ndili ndi ulendo wina wa tsidya lija, kwa mdala yemwe uja. Anatuma mdzukulu wake kuti akwere pachulu paja n'kundiimbira, akuti ali ndi mbuzi zina zitatu. Ulendo uno ndalama ndatapiratu pa Ngabu, ndazigawa pawiri, zina m'thumba la mkati zina kwa mnyamata wanga. Maule akusewera masana a tsiku lomwelo, ndiye m'chikwama ndaikamo wailesi ija ya mabatire.